Mngerezi, Mmwenye, Mnyasa: Mafunso ndi Mayankho pa Maina a Anthu a Maiko

Mwana sadzitcha yekha dzina, amamutcha ndi ena. Mitundu ya anthu nayonso n'chimodzimodzi, kungoti mtundu umakhala ndi anansi ambiri, ndipo mnansi aliyense amautcha malinga ndi mmene anauonera tsiku loyamba. Mafunso ali m'munsiwa amavutitsa omasulira, aphunzitsi a Chichewa, owerenga nkhani pa wailesi, ngakhalenso ana asukulu amene amafunsa zinthu zomwe akuluakulufe tinasiya kudabwa nazo.

Bwanji timati Mngerezi, Mjeremani, Mpwitikizi, koma wa ku Canada sitimutcha Mkanada?

Chifukwa sitinakumane naye msanga. Maina amene anakhazikika m'Chichewa ndi a anthu omwe makolo athu anawaona ndi maso. Apwitikizi anali ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500. Angerezi anakhazikitsa boma lawo kuno mu 1891. Ajeremani anali kumpotoku, ku Tanganyika, ndipo mu September 1914 asilikali awo anamenya nkhondo pa Karonga. Dzina lotchulidwa tsiku ndi tsiku pabwalo ndi pamsika limasalala pakamwa mpaka kulandira m-, a- ndi chi- ngati mwana wapakhomo: Mfalansa, Afalansa, Chifalansa.

Maiko amene tinawadziwira m'kalasi kapena pa wailesi anangotsala ndi "wa ku": wa ku Canada, wa ku Brazil, wa ku Sweden. Palibe cholakwika pamenepo, ndipo musakakamize dzina limene pakamwa pakukana. Apa ife tili pabwino kuposa Angerezi, amene mwana wawo amachita kuloweza kuti wina ndi Malawian, wina Congolese, wina Iraqi, wina Spanish, popanda lamulo lomuthandiza.

Nanga mawu oti Mngerezi ndi Ulaya anachokera kuti? Eni akewo sadzitcha choncho.

Sanachoke pakamwa pa eni ake. Anatipeza kudzera njira ya malonda yochokera kunyanja yamchere ya kummawa. Apwitikizi amati inglês, Aswahili amati Mwingereza, ife Mngerezi. Ulaya ndi mawu a Chiswahili ochokera ku Chiarabu wilaya, kutanthauza chigawo kapena dera lolamulidwa. Mawu omwewo anafika ku India ngati vilayat, kutanthauza dziko lakutali la azungu, ndipo asilikali a Britain amene anali kumeneko anawatola n'kuwapotoza kukhala Blighty, dzina limene ankatchulira kwawo akapukwa. Ndiye kuti gogo wa ku Ntchisi wonena kuti mdzukulu wake ali ku Ulaya, ndi msilikali wa ku London wa nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ankamwa pachitsime chimodzi osadziwana.

Kumadzulo kwa Africa njira inali ina. Olankhula Chikongo amati Mputu ndipo a Chilingala amati Poto ponena Ulaya yense, koma gwero lake ndi Portugal, dziko la azungu oyamba kufika pagombe lawo. Aswahili okha Portugal amamutcha Ureno, kuchokera ku o reino, "ufumu", chifukwa amalinyero a Chipwitikizi ankati atumidwa ndi ufumu.

Kodi aliyense wa ku Britain ndi Mngerezi?

Ayi, ndipo mukanena choncho ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, mudzaona nkhope zikugwa. England, amene ife timati Mangalande, ndi gawo limodzi chabe. Palinso Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa "Angerezi" oyamba amene makolo athu anawadziwa anali a ku Scotland: David Livingstone, amishoni a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876. Mzinda wa Blantyre unatengera dzina la kwawo kwa Livingstone ku Scotland komweko.

A ku Wales ndiye nkhani yawo imawawa. Mawu oti Welsh m'Chingerezi chakale ankatanthauza mlendo, chonsecho anthuwo Angerezi anawapeza pachilumbapo. Iwo eni amadzitcha Cymry, anthu akwathu.

N'chifukwa chiyani Ajeremani ali ndi maina ambirimbiri?

Ali pakati pa Ulaya, anansi mbali zonse, ndipo dziko lawo linagwirizana mochedwa, mu 1871. Mnansi aliyense anali atatchula kale fuko limene anayandikana nalo. Afalansa amati Allemand, kutengera fuko la Alemanni. A ku Finland amati Saksa, kutengera Asaxon. A ku Poland amati Niemcy, ndipo dzinali, limene likupezeka m'zilankhulo zambiri za kummawa kwa Ulaya, linachokera ku mawu otanthauza wosalankhula, munthu amene zonena zake sizimveka. Eni ake amati Deutsch, kuchokera ku mawu akale otanthauza "za anthu".

Mawu omwewa ndiwo anabala Dutch, dzina limene Angerezi anapatsa anthu a ku Netherlands. Kwathu kuno linakhotanso kachiwiri. Adatchi amene anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, kenako Nkhoma, sanachokere ku Netherlands ayi. Anali azungu a ku Cape, ku South Africa, a mpingo wa Dutch Reformed.

Mnzanga wa ku Brazil amakwiya ndikati "wa ku America" ponena wa ku United States. Walakwiridwa chiyani?

Kwa iye mwamulanda dzina. America poyamba silinali dzina la dziko. Mu 1507 wojambula mapu wa Chijeremani, Martin Waldseemüller, analemba dzinali polemekeza Amerigo Vespucci, woyenda panyanja wa ku Italy, ndipo analilemba pa gawo la kumwera, kumene kuli Brazil lero. United States inadzabadwa patapita zaka zoposa 250. M'sukulu za maiko olankhula Chisipanishi ndi Chipwitikizi ana amaphunzira kuti America ndi kontinenti imodzi, kuyambira ku Canada mpaka kunsonga ya Argentina, choncho wa ku Peru ndi wa ku Cuba onse ndi americanos. Taganizani dziko lina litadzitcha United States of Africa, nzika zake n'kumati anthu a mu Africa ndi iwo okha, ife tifune dzina lina. Tingakhale chete?

N'chifukwa chake Chisipanishi chili ndi mawu akeake, estadounidense, Chipwitikizi cha ku Brazil estadunidense, Chitaliyana statunitense. Koma nawonso sathetsa mlandu, poti dzina lonse la Mexico ndi Estados Unidos Mexicanos. Ena amati norteamericano, koma Canada ndi Mexico nawonso ali kumpoto komweko. Pocheza amangoti gringo, mawu amene amatha kukhala nthabwala kapena chipongwe malinga ndi nkhope ya wonenayo.

Kummawa sanavutike nazo. Atchaina anatola liwu la "me" m'dzinalo n'kulilemba ndi chilembo chotanthauza kukongola: Meiguo, dziko lokongola. Ajapani anatola liwu lomwelo koma analilemba ndi chilembo cha mpunga, ndiye Beikoku, dziko la mpunga, ngakhale kuti mpunga ulibe nawo mbali. Aswahili amati Marekani, dzina lomwe anapatsanso nsalu yoyera imene zombo za ku Massachusetts zinkabweretsa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1800.

M'Chichewa "wa ku America" aliyense amamva kuti ndi wa ku United States, ndipo sindikuona chifukwa cholimbana nazo. Koma mukamamasulira nkhani yochokera ku Chisipanishi kapena Chipwitikizi chenjerani: americano akhoza kukhala mlimi wa ku Bolivia.

Nanga dzina loti Africa, anatipatsa ndani?

Aroma. Atagonjetsa mzinda wa Carthage mu 146 Yesu asanabadwe, anatcha chigawo chimenecho Africa. Kanali kadera kochepa, kumene kuli Tunisia lero. Aluya anapitiriza kukatchula Ifriqiya, ndipo pang'onopang'ono ojambula mapu a ku Ulaya anafutukula dzinalo mpaka linakuta kontinenti yonse. Agiriki ankati Libya, ndipo anthu akuda ankawatcha Aithiopes, a nkhope zopserera, kumene kunachokera Ethiopia. Sudan ndi Chiarabu, bilad as-sudan, dziko la anthu akuda.

Makolo athu analibe mawu otanthauza "munthu wa mu Africa", ndipo sankawafuna. Munthu anali Mchewa, Mmang'anja, wa kwa Phiri, wa kwa Banda. Zoti Mchewa, Myoruba ndi Msomali ndi amodzi zinaonekera kwa woima kunja, ndipo ife tinazivomera pamene tinaona kuti goli latikulunga pamodzi. Mpaka lero "Muafirika" sakhala bwino pakamwa. Ambiri timati "ife anthu akuda" kapena "ife a mu Africa muno", zomwe sizofanana kwenikweni, pakuti wa ku Morocco sangalowe m'mawu oyambawo.

Ku South Africa dzinali linakolanakolana. Azungu amene timati Mabunu, kuchokera ku boer, mlimi, amadzitcha Afrikaner, ndipo tanthauzo lake ndi munthu wa mu Africa. Eni nthaka boma la tsankho linkawatcha Bantu, mawu amene katswiri wa zilankhulo Wilhelm Bleek anawasankha cha m'ma 1860 poona kuti zilankhulo zathu zambiri zili ndi abantu, batho, vanhu, watu, anthu. Lamulo la Bantu Education la 1953 linawadetsa mawuwa kotero kuti kumeneko munthu ukamutcha Bantu wamutukwana. Mawu otanthauza anthu!

Kodi mzungu ndi dzina la khungu?

Theka lokha. Achibale a mawuwa ali ponseponse: mzungu m'Chiswahili, murungu m'Chishona, umlungu m'Chizulu, umusungu m'Chibemba. Koma tamvani mmene timawagwiritsira ntchito. Waganyu amati "mzungu wanga wandilipira" ponena bwana wakuda bii. Wodya ndi foloko timati wachita chizungu. M'chigwa cha Zambezi kalelo muzungo anali mwini prazo, minda ikuluikulu ya nthawi ya Apwitikizi, ndipo ambiri a iwo anali a magazi osakanikirana, ena ochokera ku Goa, ku India. Mzungu ndi khungu, komanso ndi ndalama ndi mpando.

Mitundu ina ili ndi ake: oyinbo kwa Ayoruba, oburoni ku Ghana, toubab ku Senegal, mundele ku Kinshasa. A ku Ethiopia amati ferenj, a ku Thailand farang, ndipo awiri onsewa anachokera ku dzina la Afranki, fuko lomwenso linapatsa France dzina lake. Aluya ndi Aperezi ndiwo anawayendetsa mawuwo mtunda wonsewo.

Amwenye ndi a ku India okha? Nanga "Amwenye a ku America" ndiye ati?

Ku Limbe kapena ku Area 2 mu Lilongwe, Mmwenye ndi aliyense amene makolo ake anachokera ku India kapena Pakistan, kaya ndi Msilamu, Mhindu kapena Msikh, ngakhale banja lake litakhala kuno mibadwo inayi. M'Chiswahili mwenye ndi mwini chinthu. Ku Mozambique kuli mawu ofanana nawo, monhé, koma kumeneko ndi onyoza, musawayerekeze.

M'Chingerezi cha kuno ndi cha ku Britain anthu omwewa amatchedwa Asian. Ku United States mawu omwewo amaloza kwa Mtchaina, Mjapani kapena wa ku Korea. Kontinenti imodzi, koma dziko lililonse linapereka dzinalo kwa alendo amene linawaona kwambiri.

"Amwenye a ku America" ndi kulakwitsa kwa munthu mmodzi kumene ife tinachita kumasulira mokhulupirika. Christopher Columbus atafika kuzilumba za Caribbean mu 1492 ankayesa wafika ku Indies, maiko a cha ku India, ndiye anthu amene anawapeza anawatcha indios. Alibe ubale uliwonse ndi India. Polemba ndi bwino kunena kuti eni nthaka a ku America, kapena kutchula mtundu wawo, monga Navajo, Maya, Quechua. Nayenso India ali ndi dzina lapakhomo: malamulo ake aakulu a 1950 amatchula India ndi Bharat limodzi.

Ana amakuwa "Tchaina!" akaona aliyense wa kummawa. N'kulakwa?

N'kulakwa, ndipo akuluakulu tiziwaletsa. Ajapani odzipereka akhala akugwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala za Malawi kuyambira 1971, kale kwambiri dziko lino lisanakhazikitse ubale ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007. China, Japan ndi Korea anamenyanapo nkhondo zowawa, ndipo kuwasokoneza sikuwasangalatsa. Eni ake amati Zhongguo, dziko lapakati, ndi Nihon kapena Nippon, kotulukira dzuwa.

Bwanji wa ku Lesotho amatchedwa Mosotho ngakhale m'Chingerezi?

Chifukwa dzina la dzikolo linamangidwa pa tsinde la mtundu, monga momwe ife timachitira: Mosotho, Basotho, Sesotho, Lesotho. Motswana, Batswana, Setswana, Botswana. Umurundi, Abarundi, Ikirundi, Uburundi. Azungu akale sankaona kuti ba- ndi mphatikiram'mbuyo, n'chifukwa chake ankalemba Basutos, kuchulukitsa chochuluka kale. Uganda ndi katchulidwe ka Chiswahili ka Buganda; omasulira a Angerezi anali Aswahili, ndiye dzina la ufumu umodzi linaphimba dziko la mitundu yambiri.

Vuto lake lili pomwepo. Ku Botswana Mkalanga naye ndi Motswana pa chiphaso, ngakhale si Mtswana pa mtundu. Chirasha chinalekanitsa: russkiy ndi wa mtundu wa Chirasha, rossiyanin ndi nzika ya Russia ya mtundu uliwonse. Ku Malaysia, Malay ndi mtundu, Malaysian ndi nzika. Ifenso tisadzinamize kuti zinatiphonya. Malawi anachokera ku Maravi, ufumu wa makolo a Achewa, Anyanja ndi Amang'anja, ndipo mu 1968 chipani cholamula chinasintha dzina la chilankhulo kuchoka ku Chinyanja kukhala Chichewa. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Chinyanja likadalipo.

Pali kusiyana pakati pa Aburundi ndi Maburundi?

Kulipo, ndipo pa mafunso onse ili ndilo ndimafuna anthu atalilingalira. Tamvetserani pamsika. Timati Achewa, Atumbuka, Ayao, Asena. Tikafika pa alendo lilime limatembenuka: Maburundi, Matchaina, Manaijeriya. A- ndi wa gulu la Mu-A, gulu la anthu, ndiponso ndi a- yemweyo amene timalemekezera amayi, agogo ndi amfumu. Ma- ndi wa gulu la Li-Ma, mmene muli makasu, matumba ndi mabotolo.

Sindikunena kuti aliyense wonena ma- ali ndi chidani. Mawu obwereka amakonda kugwera m'gululi okha. Timati manesi, maloya, madalaivala popanda kunyoza. Koma onani zimene ma- amachita. Amaunjika anthu pamulu. Kwa ambiri "Maburundi" ndi mlendo aliyense wa golosale, kaya ndi wa ku Rwanda kaya wa ku Congo, chonsecho ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa ku Dowa mu 1994, ochuluka ndi ochokera ku Democratic Republic of Congo. Munthu wothawa nkhondo ku Kivu, kummawa kwa Congo, timamutcha dzina la dziko limene mwina sanapondeko.

Asotho ndi Atswana amachita zomwezo poyera. Iwo eni ndi mo- ndi ba-, koma mzungu ndi lekgowa, ambiri makgowa. Anthu a Mzilikazi, mfumu ya Andebele, anawatcha Matebele. Ndipo makwerekwere, mawu amene Mmalawi aliyense wa ku Joni anawamvapo m'minibasi kapena pamzere wa kuchipatala, ali m'gulu lomwelo. Amene analawa ma- ameneyu kunja sayenera kuchita kuuzidwa mmene amawawira.

Kuno kwathu zinachitikaponso. Alomwe atalowa kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya ku Thyolo ndi Mulanje ankatchedwa Anguru. M'zaka za m'ma 1940 Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo dzinalo mpaka boma linasiya kulilemba. Ali ndi a- koma linali lonyoza ndithu, kusonyeza kuti mphatikiram'mbuyo payekha sapulumutsa. Kunja nako Eskimo anasanduka Inuit, Hottentot anasanduka Khoikhoi, Berber akupatsa malo Amazigh.

Nanga ifeyo anzathu amatitcha chiyani?

Dzina lakale silinafe. Livingstone anafika panyanja mu 1859 ndipo mawu amene anatola ndi nyasa, Chiyao cha nyanja. Choncho Lake Nyasa ndi "nyanja nyanja". Mu 1907 dziko linatchedwa Nyasaland, ndipo amuna amene anapita ku Wenela, ku Halale ndi ku migodi ya mkuwa ananyamula dzinalo. Mpaka lero ku South Africa mumamva amaNyasa, ku Tanzania Wanyasa. Ku Zimbabwe kuli Manyasarande komanso Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthuyo kwawo kuli ku Mzimba. Onani ma- uja wabweranso. Zidzukulu za anthu amenewa, zobadwira komweko, zinakhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti alien, mlendo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ife kumudzi tinawapatsa dzina lathulathu, matchona, nalonso la ma-.

Dziko likasintha dzina, tizitsatira?

Polemba nkhani, inde. Persia anapempha kutchedwa Iran mu 1935. Swaziland anakhala Eswatini mu 2018, anthu ake emaSwati. Zaire anakhalapo kuyambira 1971 mpaka 1997 n'kubwerera ku Congo, ndipo poti ma Congo alipo awiri timawalekanitsa ndi malikulu awo, Kinshasa ndi Brazzaville. Amene anachita mwaluso ndi Thomas Sankara, mtsogoleri wa dziko la Upper Volta, mu 1984. Anafufuta Upper Volta n'kuluka dzina kuchokera m'zilankhulo zitatu za dzikolo: Burkina, anthu olungama, m'Chimoore, Faso, kwa atate, m'Chidyula, ndipo nzika ndi Burkinabè, mathero ake a Chifulani. Mtundu uliwonse waukulu unapezamo kake.

Turkey anapempha United Nations mu 2022 kuti azilembedwa Türkiye. M'Chingerezi dzina lakalelo ndi la nkhukundembo. Mbalameyi payokha ndi nthano: a ku Türkiye amaitcha hindi, ya ku India, Afalansa dinde, ya ku India, Apwitikizi peru. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi kumpoto kwake.

M'Baibulo langa muli Ahelene, la mnzanga muli Agiriki. Ndi anthu amodzi?

Amodzi. Buku Lopatulika la 1922 linatsata mmene eni ake amadzitchulira, Hellenes, pamene omasulira apambuyo anatsata dzina limene Aroma anafalitsa, Graeci. Aluya ndi a ku Türkiye amati Yunan, kutengera chigawo cha Ionia. Aigupto ndi Ejipito nayenso ndi dziko limodzi. Okhalamo amati Misr.

Kalembedwe koyenera n'kati: Mmalawi, M'malawi kapena a Malawi?

M'nyuzi mupeza zonsezi, nthawi zina patsamba limodzi. Ine ndimalemba Mmalawi ndi Amalawi, monga Mchewa ndi Achewa, chifukwa m- ndi a- ndi ziwalo za dzinalo. Nkhodolero ndimaisungira mu- wa malo: m'Malawi, kutanthauza mkati mwa dzikolo. "A Malawi" wopatula amamveka ngati bambo wina dzina lake Malawi, monga a Phiri kapena a Mwale. Mabuku a nthawi ya Kamuzu ankalembanso Malaŵi, ndi kachipewa pamwamba pa w, ndipo ena akulembabe choncho. Yesani chiganizo ichi, muona kuti zonse zikukhala m'malo mwake: Mmalawi wobadwira m'Malawi wapita ku Zambia kukaona Achewa anzake pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika.